Mayi Nambala 14

Pulogalamu imene anandiikira pa laputopu ija inali yonyada ngati mwana wa kumayadi: inkamva Chingerezi chokha. Ukaiyankhula Chichewa inkalemba zamisala. Ndiye ntchito yanga inkayenda chonchi. Ndinkavala mahedifoni, kumvetsera mayi akufotokoza za moyo wake pa rekoda, kuimitsa, kenako kunena zomwezo m'Chingerezi pa maikolofoni, pang'onopang'ono, iyo n'kumalemba yokha. Ntchito imene kale inkandidyera sabata yathunthu ndikutaipa ndi zala ziwiri, tsopano inkatha masiku awiri.

Bungwe limene linandipatsa ganyuyo linkafufuza za nkhanza za m'banja. Anandilumbiritsa kuti zomwe ndamva ndisauze munthu, ngakhale wansembe. Mayina sitinkalemba, mayi aliyense anali ndi nambala. Ankandipatsa fayilo imodzi basi, ndikamaliza ndikaibweze kutauni, aifufute, andipatse ina.

Koma pulogalamuyo inali ndi khutu la miseche. Tambala akalira, ilemba. Neba akakalipira mwana wake, ilemba. Nanga ku Bangwe, mumdadada wa nyumba zisanu ndi imodzi, bata ungalipeze kuti? Ndinayamba kukhoma chitseko, kutseka zenera, n'kupachikapo bulangete ziwiri, m'kati mwa kutentha kwa Okutobala. Magetsi nawo ankangozima, ndiye mchimwene wanga Januario anandibweretsera batire ya galimoto ndi kabokosi kake, kokhala ndi waya wakuda ndi wofiira.

Umo munali mu 2017, mwezi umene mphekesera za anamapopa zinalowa m'tauni. Ankati kuli anthu oyenda ndi makina opopa anzawo magazi n'kukagulitsa kwa azungu. Anyamata ankatseka misewu ndi miyala, kusecha zikwama za alendo. Ine ndinkaseka. Petronela ine, wa satifiketi yanga, ndiziopa nkhani za pachitsime? Nzeru zambiri zija sizinandiuze kuti ndidziyang'ane ndekha mmene ndinkaonekera kwa munthu woima panja.

Fayilo nambala 14 ndinaizindikira pa moni weniweniyo. Anali Idah, wogulitsa tomato pakona pathu, mkazi wa Everson wowotcherera zitsulo. Lamulo linali loti ukamuzindikira munthu, ubweze fayiloyo usanamvetsere. Sindinabweze. Ndivomere, chidwi chinandigwira. Ndinamumva Idah akunena mmene mwamuna wake amamumenyera, mmene anakaikitsira kachipangizo kolera pansi pa khungu la pamkono mwamunayo osadziwa, ndi mmene akusamutsira zovala zake chimodzichimodzi kwa mkulu wake ku Machinjiri kuti Disembala ikafika athawe. Anati, "Akadziwa izi, mudzabwera kudzandiona m'bokosi." Ine n'kuzinena m'Chingerezi, makina n'kulemba.

Sabata yomweyo mwana wa mai Bernadeta, a mdadada wakuseri, anamwalira. Anali atadwala malungo kwa nthawi, ndipo kuchipatala anati magazi anamuthera m'thupi. Mawu amenewo anayenda Bangwe yense dzuwa lisanalowe. Pamaliropo ndinapita m'mawa, ndinagwada, ndinapepesa, koma sindinakhalitse. Fayilo inkafunika Lachisanu. Amayi anzanga akutunga madzi, akuphika, akuimba nyimbo za maliro, ine ndinali nditadzikhomera m'nyumba, bulangete pazenera, ndikuyankhula Chingerezi ndekhandekha. Mayi anga ku Nsanje akanamva zimenezo akanandikana.

Anthu anabwera mawa lake cha m'ma leveni, dzuwa likuswa mtengo. Sindinawamve akubwera chifukwa cha mahedifoni. Ndinangoona chitseko chikugwedezeka.

"Sisi, tsegulani. Tikufuna tione zimene mumapanga umu."

Anali mawu a Everson. Ndinatsegula. Pabwalo panali anthu osachepera makumi asanu, ambiri ndimawadziwa, ena ndimapemphera nawo mumphakati wa kutchalitchi. Anyamata awiri analowa osaodira, natulutsa zonse: laputopu, rekoda, batire, mawaya, n'kuziyala pakhonde. Wina anali atagubuduza tayala. Wina ananyamula botolo la Fanta, koma m'katimo simunali Fanta.

"Dzulo pamaliro paja amayankhula ndi azungu ake," anatero mayi wina wa nyumba yachitatu, amene ndinkamubwereka mchere. "Ndinamva ndekha pakhomapo. Tsiku lonse, Chingerezi chokhachokha."

"Waya wofiirayo ndi wachiyani?"

"Nanga mabulangete kutentha konseku? Akubisa chani?"

Ndinayesa kufotokoza. Ndinati ndi ntchito yolemba chabe, taonani. Ndinagwada pakhonde, kutenga maikolofoni, n'kunena m'Chingerezi kuti dzina langa ndine Petronela, ndimakhala ku Bangwe. Mawuwo anatuluka pagalasi limodzilimodzi, ine osakhudza kalikonse.

Ndinkaganiza kuti aseka. Amene anali kutsogolo anabwerera m'mbuyo n'kupondana.

"Yesu! Ikumva! Chinthuchi chikumva anthu!"

"Ndi chomwecho! Ku Mulanje chinali chomwecho!"

Mwala unagunda malata pamwamba panga. Mantha amene ndinamva apo sindinawamvepo, ngakhale tsiku limene madzi a Shire analowa m'nyumba mwathu ndili mwana. Madzi sakudziwa dzina lako. Awa ankandidziwa, ndipo ankandiyang'ana ngati sanandionepo.

Everson anakweza dzanja, phokoso linatsika. Sanali munthu wopusa ayi. Ananjuta pafupi nane, kutola mahedifoni, n'kuwatembenuzatembenuza ndi zala zake zopsa ndi moto wa zitsulo.

"Chabwino, sisi. Inu mumayankhula, iyo imalemba. Tamva. Koma amakuuzani zonena ndani? Umu mumatuluka mawu a ndani?"

"Ndi anthu chabe, achimwene. Amayi ofotokoza nkhani zawo."

"Timve ndiye."

"Sindingathe. Ndi zachinsinsi."

Pa mawu onse a m'dziko, amenewo ndiwo sindinkayenera kunena tsiku limenelo. Anthu anabangula. Tayala lija linagubuduzika n'kudzagwa pamapazi panga. Mnyamata wa botolo anatsegula chitsekerero, fungo la petulo linandilowa m'mphuno mpaka m'mimba. Mai Bernadeta, maso otupa, nsalu yamaliro idakali kumutu, ankangobwereza kuti, "Mwana wanga, mwana wanga."

Apo ndi pamene ndinamuona Idah. Anaima kumbuyo, pafupi ndi mpanda wa msungwi, mwana kumsana. Sankayang'ana ine. Ankayang'ana rekoda ija, yokhala ndi kapepala kachikasu ka bungwe, yofanana ndi imene mayi wa bungwe wofunsa mafunso anaiika patebulo patsogolo pake kuchipatala. Dzanja lake linakwera lokha n'kukagwira pamkono wamanzere. Kenako anandiyang'ana, n'kupukusa mutu pang'ono chabe, moti wina aliyense akanati akuingitsa ntchentche.

Ndinaganiza zambiri m'kanthawi ako. Ndiifufute fayiloyo? Akanati ndabisa umboni, ndipo machesi anali kale m'manja mwa munthu. Ndiike ina? Inalipo imodzi yokhayo. Ndinapemphera kuti laputopuyo izime, koma batire ya Januario inali itaidzaza bwinobwino.

Everson anavala mahedifoni aja yekha, kuwakonza bwino m'makutu.

"Ndimvetsera ine. Ngati ndi amayi zoona, palibe akukhudzeni. Ngati ndi azungu anu, ine ndichokapo apa. Yatsani."

Ndikanakonda kunena kuti ndinalimba mtima. Sindinalimbe. Ndinayang'ana tayala, ndinayang'ana botolo, ndinadina batani. Ndipo chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti sindinabweze n'komwe kumayambiriro, kumene kunali moni ndi mafunso a zaka ndi chiwerengero cha ana. Mutu sunkagwira. Fayilo inapitirira pomwe ndinaimitsira pamene ankagogoda, pa mphindi ya 31, pa nkhani ya kolera ka pamkono ndi zovala za ku Machinjiri.

Tonse tinkayang'ana nkhope ya Everson. Poyamba anakwinya pachipumi ngati munthu amene akuyesa kukumbukira nyimbo. Kenako makwinya aja anatha. Sanakwiye, sanadabwe. Anangokhala chinjutire, maso pansi, akumvetsera. Ine ndinkaona manambala akuyenda pagalasi, ndipo ndinkadziwa liwu lililonse limene linkalowa m'makutu mwake, pakuti ndinali nditabwereza mbali imeneyo katatu m'mawa womwewo.

Anamvetsera mphindi zinayi. Anavula mahedifoni, kuwapinda waya bwinobwino, n'kundipatsa m'manja ndi manja awiri.

"Palibe nkhani apa," anauza anthu. "Ndi azimayi akudandaula za m'nyumba zawo basi. Asisiwa ndi achilungamo. Iwe, tseka botololo. Tiyeni, tiyeni."

Anthu anayamba kubalalika, ena akung'ung'udza ngati awamana chakudya. Mayi wa mchere uja anabwera kudzandigwira paphewa, akuti pepani, ndi nthawi zake izi. Mwini tayala ananyamula tayala lake.

Everson anadutsa pakati pawo osafulumira, kupatsa moni uyu, kuseka ndi uyo, mpaka pampanda paja. Anamusisita mwana pamutu. Kenako anagwira mkazi wake pamkono wamanzere, pamwamba pa chigongono, chala chachikulu chikufufuza pansi pa khungu.

"Amake mwana," anatero mofatsa, "tiyeni kunyumba."

Idah sanakuwe. Anakonza nsalu ya mwana ndi dzanja limodzi n'kumutsatira. Ine ndinali ndidakagwada pakhonde, wamoyo, wopanda ngakhale bala limodzi, pakamwa pali potsegula. Anthu anali adakali pafupi, akanandimva ndikanaitana. Koma ndinkaopa kuti akatembenuka atembenukiranso ine, ndipo ndinakhala chete mpaka awiriwo anakhota pakona.