Lupanga la ku New Guinea

Lester Pavlik anatsika basi ku Toledo lupanga lili m'khwapa, lokulunga m'bulangete la usilikali. Nkhondo inali itatha. Mtima wake wokha ndiwo unali usanamve.

Tsiku lonyamuka kupita kunkhondo lija, a Wojtowicz, bambo wa chibwenzi chake Wanda, anamuuza pamaso pa anthu: "Ukabwere ndi lupanga la Mjapani. Ukatero, mwanayu ndi wako. Apo ayi, khonde lino uliiwale."

Tsono ku New Guinea Lester anali wophika. Nkhalango anaiona. Udzudzu unamudya, misundu inamuyamwa. Koma mdani, olo chithunzithunzi. Anzake ankabwerako kutsogolo ndi mbendera, zipewa, mipeni ya kumfuti. Iye ankatola zitini. Lupangalo anachita kusinthanitsa ndi katoni ya mapichesi kwa msilikali wina wa ku Australia, wopanda mano akutsogolo, amene analumbira mpaka kutchula mayi ake kuti linali la mkulu wa asilikali a ku Japan.

Kunyumba kwa a Wojtowicz anamukhazika patebulo. Soseji, kabichi, mbatata. Wanda anamutsina bondo kunsi kwa tebulo. A Wojtowicz anasolola lupanga lija.

"Unalipeza bwanji, mnyamata?"

"Kunali matope, bambo. Mpaka m'mawondo. Ndinangoona munthu tulukiru m'nsungwi."

"Wamtali?"

"Ngati chitseko icho."

"Mjapani?"

"Eee… anali wodya bwino."

Mkuluyo anayendetsa chala pafupi ndi chigwiriro. Anapeza kabowo komata ndi mtovu. Anagogoda chitsulocho ndi supuni, khutu lili tcheru.

"Mayi, tandipatseni magalasi," anauza mkazi wake.

Anayang'ana nthawi yaitali. Kabichi anazizira.

"Iyi ndi sipuling'i ya jipi, galimoto ya asilikali ija. Yakumbuyo. Nkhondo yonseyi ndakhala pang'anjo kufakitale ndikuwotcha zimenezi, usana ndi usiku."

Foloko ya Wanda inagwa pansi. Lester anayang'ana chitseko. Chinali kutali.

"Bambo, ndifotokoze…"

"Khala chete!" A Wojtowicz anapinda malaya, nameta ubweya wa pamkono ndi lupangalo. Unayoyokera m'mbale. "Mwaona? Mwaona kuthwaku? Chawoloka nyanja, chanyamula anyamata m'matope, wina wachisulanso, koma mng'alu olo umodzi! Ndiye kapitawo uja azidzati ine ndimapsereza chitsulo? Chili kuti chipewa changa, ndikamuonetse!"

"Ababa," anatero Wanda, "nanga za ife?"

Mkuluyo anaima pakhomo, lupanga paphewa. Anamuyang'ana Lester kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Bodza lake n'lobooka ngati sefa. Mwamuna wotere ngwabwino, mwanawe. Akadzakunamiza m'mawa, pofika masana wamugwira." Anatembenukira kwa mkazi wake. "Muonjezereni soseji, mayi. Mawa akaonane ndi abambo mfumu za ukwati."

Chitseko chinatsekeka. Panja galu wa aneba anayamba kulira, kenako mawu a mayi wina: "Bambo Wojtowicz, mwapenga kodi?"