Migolo Yachikasu ya pa Chongoni

M'chaka cha 1995 nyuzipepala zinali zitamera ngati bowa, ndipo aliyense wodziwa kugwira cholembera ankadzitcha mtolankhani. Zikhalo Mphonda anali mmodzi wa iwo. Atamaliza Folomu 4 analima nyemba kwawo ku Lobi zaka zitatu, kenaka anayamba kutumiza nkhani za ku Dedza ku kanyuzipepala kena ka ku Lilongwe kotuluka Lachisanu. Nkhani zake zinali za mbuzi zobedwa ndi misonkhano ya zipani, ndipo mkonzi ankazikankhira kumasamba akumapeto.

Lolemba lina m'mwezi wa Julaye, kukuzizira, lole yochokera kumalire a Mozambiki inagwa pokhota, pafupi ndi njira yolowera ku Chongoni. Migolo inagubuduka mpaka kudambo, iwiri n'kusweka. Madzi a m'kamtsinje anasanduka achikasu, fungo lake lolasa m'mphuno. Pamene Zikhalo ankafika pa njinga, dalaivala anali atapita naye kale kuchipatala.

Pa mgolo uliwonse panali chizindikiro chakuda cha mapiko atatu. Zikhalo anakumbukira chithunzi cha m'buku la sayansi, komanso pulogalamu ya pa wailesi yonena za ngozi ya pa fakitale ya magetsi a nyukiliya ku Ulaya.

"Musayandikire," anauza anthu amene anaunjikana pamenepo. "Izi zikhoza kukhala za nyukiliya."

A Falesi, mayi wamasiye amene dimba lawo la mbatatesi linali m'munsi mwa kamtsinjeko, anamufunsa, "Nyukiliyayo n'chiyani, bambo?"

Zikhalo anafotokoza zonse zimene ankakumbukira, n'kuwonjezerako zina. Anati poizoni wake amalowa m'nthaka, m'mbewu ndi m'magazi, ndipo ana amabadwa opanda manja. Kumbuyo kwa a Falesi kunaima mwana wawo Dorika, woyembekezera, mapazi ake ali chikasu chokhachokha chifukwa anali atalowa m'madzi kukatenga chitini chothirira. Zikhalo anamuona, koma maganizo ake anali pa lamya ya ku positi ofesi.

"Wanena ndani kuti ndi nyukiliya?" anafunsa mkonzi pa lamyapo.

"Anthu akutero kuno."

Zinali zoona kuti anthu ankatero. Sananene kuti anawauza ndi iye.

Lachisanu nkhaniyo inatuluka patsamba loyamba, m'malembo aakulu: POIZONI WA NYUKILIYA KU DEDZA. Pansi pake panali dzina lake. Anagula nyuzipepala zitatu, n'kuyenda nazo m'khwapa kuyambira kumsika mpaka kusiteji ya basi, akupatsa moni ngakhale anthu osawadziwa.

Pofika Lolemba, maminibasi anali atasiya kuima pamalo ogulitsira mbatatesi m'mbali mwa msewu. Ogula a ku Lilongwe anabweza matumba ngakhale ochokera ku Kaphuka, kutali ndi ngoziyo. Zikhalo analembanso nkhani ina yonena za mantha a anthu.

Lachitatu mkulu wina wa zaumoyo anamuitanitsa ku ofesi. Sanamukalipire. Anangomuonetsa mapepala a katundu amene anali m'lolemo. Anali penti wolembera mizere pamsewu, ndipo mapiko atatu aja chinali chizindikiro cha kampani yopanga pentiyo.

"Madziwo ayera okha pakapita masiku," anatero mkuluyo. "Mapepalawa anali patebulo pano kuyambira tsiku la ngozi. Palibe anabwera kudzafunsa."

Zikhalo anayang'ana nsapato zake. Ataimbira lamya ku nyuzipepala, mkonzi uja anaseka. Anati nyuzipepala inatha yonse sabata imeneyo, ndipo alemba mawu okonza. Mawuwo anatuluka patsamba lachisanu ndi chiwiri, mizere inayi.

Loweruka anapalasa njinga kupita ku Chongoni. Dimba la a Falesi analipeza lili mbee. Anthu a m'mudzimo anali atagwirizana kuzula mbewu zonse za m'dambomo, n'kuzikwirira m'dzenje kuti ana asadye.

A Falesi anamuyalira mphasa ngati mlendo wina aliyense. Dorika anakhala pakhonde, mapazi atakulungidwa m'nsanza.

"Wakhala akuwakhula ndi mwala mpaka zilonda," anatero mayi ake. "Chakudya akukana. Akuti adyerenji pamene mwanayo wawonongeka kale."

Zikhalo anatsegula nyuzipepala, n'kuwerenga mizere inayi ija mokweza. Anaiwerenga kawiri.

"Ndione," anatero a Falesi. Sankadziwa kuwerenga, koma anayang'anitsitsa pamene chala chake chinaloza. "Aja anali malembo aakulu ngati dzanja langali. Awa bwanji ali ngati nyerere?"



"Nyuzipepala yake ndi yomweyo," anatero Dorika osamuyang'ana. "Ndikhulupirire iti?"

"Khulupirirani iyi, achemwali. Yoyamba ija ndinalakwa ndine. Palibe dokotala kapena wapolisi anandiuza za nyukiliya. Ndinangoona chizindikiro, n'kuganiza ndekha."

"Ndiye tsiku lija munkalankhula ngati munaphunzira zimenezo," anatero a Falesi. Sanakweze mawu. "Ife tinkati pano boma silitibisiranso kanthu, tili ndi ana athu otiuza zoona."

Zikhalo anapempha kuti apite ndi Dorika kuchipatala, akamve yekha kwa anamwino. A Falesi anati apita naye okha. Anaperekeza Zikhalo mpaka kumpanda, n'kumuuza kuti ayende bwino, ndipo ulemu umenewo unamupweteka kuposa mwano.

Mawa lake, Misa itatha, anapempha akatekisiti a Bartholomew kuti alankhule. Anaima kutsogolo kwa tchalitchi chodzaza, n'kunena zimene anachita. Palibe anamunyoza. Anthu anangodzuka, n'kutuluka mwakachetechete, ena akumulambalala pakhomo.

Dorika anabereka mu Sepitembala, mwana wamkazi wathanzi. Zikhalo anazimva kwa mayi wina wogulitsa kabichi mumsika. Anagula sopo ndi kansalu ka mwana, n'kufika nazo mpaka panjira yolowera ku Chongoni. Anaima pamenepo nthawi yaitali atagwira njinga. Kenaka anapatsira mayi wina wosenza nkhuni amene ankapita kumudziko, n'kumupempha kuti akapereke kwa Dorika, koma asatchule amene watumiza.