Wotchi ya Wowotcherera Zitsulo

"Iyi si ija," anatero achimwene, akuiponya wotchiyo pa tebulo. "Ya bambo inkalemera, inkayenda. Ichi ndi chidole chakufa."

Panali patatha masiku anayi chiikire bambo awo m'manda. Mlongo wawo, amene anadwazika malemuwo miyezi isanu ndi iwiri, ankapinda mabulangete. Sanadzutse mutu.

"Ndinaivula ndekha pamkono pawo, achimwene."

"Vuto lake ndi lomwelo. Unali wekha."

Malemu anali wowotcherera zitsulo. Sanasiye kanthu koti anthu n'kukanganirana, kupatula nyumba yodontha ndi wotchiyi, ya mabatani awiri pambali ndi timawotchi tiwiri ting'onoting'ono m'kati mwake. Ankauza aliyense kuti anapatsidwa ndi woyendetsa ndege, ndipo kuti ndi yakale kuposa ana ake onse. Achimwenewo, oyendetsa malole, ankafika pakhomo kawiri pa chaka, koma nkhani ya woyendetsa ndegeyo ankaidziwa ngati analipo. Anthu osadwazika ndi amene amabwera pamaliro ndi maso akuthwa.

"Tikaionetse kwa odziwa," anatero. "Zikadziwika kuti yeniyeni unaibisa, m'nyumba muno utuluka. Ndikunena dzuwa likuswa mtengo."

Mlongoyo analibe kwina kopita. Anavala nsapato.

Wokonza mawotchi anali ndi kashopu kopanikizika pakati pa telala ndi wometa tsitsi. Anali mkulu wa dazi, wosafulumira. Anatsina kagalasi pa diso, n'kuitembenuza wotchiyo kangapo.

"Yafa imeneyo, amisiri," anatero achimwene. "Batire latha."

"Batire liti? Iyi simadya batire, imadya chala."

Anapotokola kachitsulo ka pambali pang'onopang'ono, n'kuwaikira pa khutu. Inkagunda ngati mtima wa mwanapiye.

"Chabwino, ikuyenda. Nanga ndi yakale?"

Mmisiri anatsegula kumbuyo kwake. Munali timawilo tonyezimira, kamodzi kakugwedezeka uku ndi uku. Anayang'ana nthawi yaitali, mpaka achimwene anayamba kugogoda tebulo ndi makiyi.

"Makina ndi abwino, sindinama. Koma zaka khumi sinakwanitse. Amazipanga dala kuti zizioneka zakale. Chikasu mukuchiona pankhope pakechi si ukalamba, ndi penti."

"Wamva?" Achimwene anatembenukira mlongo wawo, mawu atakwera mpaka telala anasiya kupalasa makina. "Wamva wekha! Yeniyeni ili kuti? Unampatsa ndani?"

"Achimwene, ine ndi wotchi wapi ndi wapi? Miyezi yonseyi ndinali ndi beseni m'manja."

"Beseni lakolo usandiuze!"

"Bambo, muno si m'bwalo la milandu," anatero mmisiri. "Sindinamalize. Mwini wake ankagwira ntchito yanji?"

"Zikukukhudzani?"

"Ankawotcherera zitsulo," anadziyankha yekha mmisiri. "Taonani galasili, timaenje tokhatokha, moto wothetheka umenewu. M'mphepete mwa chivundikiromu mwadzaza fumbi la chitsulo. Zotere sizichitika sabata imodzi. Wotchiyi yakhala pamkono wa wowotcherera zaka ndithu." Anatambasula lamba wake. "Bowo ili ndi lokutha, ndi pamene ankamangira masiku onse. Atatu awa ndi atsopano, oboola ndi msomali."

"Ndinaboola ine," anatero mlongoyo. "Mkono unkangochepa, wotchi n'kumatsetserekera ku chigongono. Kuvula ankakana."

Achimwene anautenga lambayo. Bowo lomaliza linali pafupi kwambiri ndi wotchiyo, poti ngakhale mwana wa sukulu ingamuthine. Anaubweza msanga pa tebulo.

"Ndiye za woyendetsa ndege zija?"

Mmisiri anaseka pang'ono. "Aliyense wobwera ndi yotereyi ali ndi woyendetsa ndege wake. Wina anandiuza kuti yake inachokera kunkhondo, chonsecho ndinamugulitsa ndine."

"Mdala ameneyu," anatero achimwene, akupukusa mutu. "Kutinamiza zaka zonsezi. Ine mpaka kuwauza anzanga pamsewu!"

Pepani sananene. Anthu otere pepani amawawawa pakhosi ngati munga. M'malo mwake anafunafuna china choti akwiye nacho, ndipo anachipeza.

"Komabe inawonongeka. Muvi wautaliwu bwanji sukuyenda? Wangoima malo amodzi."

"Umenewo suyenda wokha. Ndi woyezera nthawi ya chinthu. Mukadina batani la pamwambali umanyamuka, mukadinanso umaima, ndipo kamuvi aka kamasunga mphindi zimene zadutsa. La pansili limafufuta zonse." Anayandikitsa diso. "Wina anayeza kanthu apa, sanafufute. Mphindi zinayi ndi kachidutswa."

Mlongoyo anayang'ana kunja, kumene wometa ankakutumula nsalu.

"Ukudziwapo kanthu iwe," anatero achimwene. "Nena."

"Musandikakamize."

"Ndati nena!"

"Bambo atagona kuchipatala ankayeza alendo. Munthu akalowa, dinu. Akatuluka, dinu. Kenako n'kundiuza. Abusa, mphindi khumi ndi ziwiri, zambiri zoyang'ana foni. Azakhali, theka la ola, koma za matenda awo okha. Akatero ankaseka mpaka kutsokomola, n'kufufuta."

"Nanga izi ndi za ndani?"

"Tsiku lija munabwera lole mutaisiya ikulira panja."

Makiyi aja anasiya kulira m'manja mwa achimwene.

"Ndinali ndi katundu wa eni ake," anatero, mawu atatsika. "Unkafuna ndichotsedwe ntchito?"

"Ine sindinafune kanthu."

"Iwowo anati chiyani?"

"Anati, 'Mphindi zinayi. Ngakhale dzira silingapse.' Ndinati ndifufute, anandimenya dzanja. Anakhalanso ndi moyo masabata atatu. Alendo ankabwera ndithu, koma sanayezenso aliyense. M'mawa uliwonse ankaipukusa kuti isaime, chala chachikulu atachipinda chonchi, kuopa kukhudza batani."

Anawaonetsa mmene ankachipindira.

Mmisiri anatseka chivundikiro, napukuta galasi ndi kansalu. Chala chake chinapita pa batani la pansi, monga mwa chizolowezi cha ntchito yake.

"Ndibweze pamwamba muviwu?"

Achimwene anamugwira dzanja.