Jekete la Malemu Sungani

Loweruka pa 8 Juni 2024, pa maliro a bambo Sungani kwa Kanduku, a Lourenco anamenyedwa khofi.

Ntchito yawo pa maliro inali yoseketsa anamfedwa. Tsikulo anavala jekete la malemuyo n'kumatsimphina ngati mwini wake, akukalipira mbuzi zomwe panalibe. Mayi wamasiye anaseka misozi ili m'masaya. Koma mwana wa malemuyo, Kinsley, wokulira ku Blantyre, anadzambatuka n'kuwamenya.

"Mukunyoza bambo anga, madala?"

"Mwanawe, anandipempha okha ali m'chipatala ku Thambani," anayankha a Lourenco motopa, atagwira tsaya. "Sankafuna maliro ozizira."

Anavula jeketelo, kulipinda bwinobwino, n'kubwerera kwawo. Chichitikire zimenezo m'mudzimo mwagwa maliro awiri, koma palibe amene wabwera kudzawaitana.