Sikelo ya Pakhonde

"Amenewo achotseni, Anesi," anatero adokotala, chala chili pagalasi la kompyuta. "Munthu wokwera sikelo kamodzi kokha sangatiuze kanthu. Tikufuna amene tingawatsate chaka ndi chaka."

Anesi anavomera ndi mutu, koma dzanja silinasunthe. Chiwasamutsireni ku wodi n'kuwaika m'kachipinda ka kafukufuku, ntchito yawo inali imodzi: kufukula mbiri za odwala zosungidwa pakompyuta, kuti aone mmene kunenepa kwambiri kumayendera limodzi ndi bipi, shuga ndi matenda a impso. Mayina onse anali ofufutidwa. Munthu ankangokhala nambala, zaka zake, kulemera kwake ndi masiku amene anafika kuchipatala.

Adokotala atatuluka, Anesi anayamba kutsegula ochotsedwawo mmodzimmodzi, mwachidwi chabe. Koma abale inu! Nkhani yake inali imodzimodzi. Munthu wabwera, wakwera sikelo, alemba. Kenako zii, zaka n'kumapita. Podzaonekeranso ali pamachira, mbali imodzi yafa, kapena shuga wadya phazi. Anthuwa sanachire ayi. Anangoleka kubwera.

Anesi anadzidzimuka, chifukwa munthu wotere ankamudziwa. Ankadya naye mbale imodzi.

Amuna awo anali telala, ndipo msewu wonse unkangowaitana kuti Atelala. Anali bambo wathupi, woseka mpaka mawindo kunjenjemera, amene mpando wake wa pamakina anachita kuuwonjezera thabwa. Koma masiku amenewa ankachita befu pokwera timasitepe ta pakhomo, m'mawa ankadzuka ndi mutu, ndipo pofika madzulo nsapato zinkawathina. Ukangotchula za chipatala, iwo nthabwala. "Ine chipatala ndinachikwatira, ndikafunenso chiyani kwina?" Kamakina ka bipi kamene Anesi anagula kankangodya fumbi pamwamba pa kabati, eniake atanenetsa kuti mkono wawo ndi wosokera basi.

Nthawi yopuma masana itakwana, Anesi anatenga chikwama, ulendo wa kushopu.

Anawapeza akuyeza mayi wina wonenepa kuseri kwa katani. Anesi anakhala pakampando n'kumaonera pampata. Atelala anazunguliza tepi m'chiuno mwa mayiyo, anatsina pamene yakumana, n'kulemba ndi choko kuseri kwa nsalu, pakamwa ali chete.

"Zakwana zingati, Atelala?" anafunsa mayiyo mwamantha.

"Zakwana diresi lokongola, mayi. Zinazo ndi zanga ndi tepi yanga."

Mayiyo anatuluka akumwetulira. Atelala potembenuka anaona akazi awo, nkhope yonse n'kuwala.

"Ee, a Dokotala anga! Kwagwanji masana ano? Kapena yunifolomu yang'ambika?"

"Bambo, khalani pansi ndikufunseni. Ulendo uja munapita kuchipatala kalekale, kunachitika chiyani?"

"Palibe. Ndinapita, ndinabwerako."

"Musayankhe ngati mukuyankha nesi. Ndine ine."

Atelala anayamba kutola timaulusi pa buluku lawo, timaulusi toti panalibe n'komwe. Kenako anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pamano.

"Sikelo yanu ijatu ili pakhonde, pomwe anthu amadikirira pamabenchi. Ndakwera ine. Kalaliki wasuzumira, n'kufuulira mnzake wa pakompyuta kutsidya uko. Kufuula, mayi, ngati akutsatsa ng'ombe. Wina pabenchi akuti, 'Atsike msanga asanaithyole!' Khonde lonse phwete. Nanenso ndinaseka, nanga n'kutani? Ndiye kubwera lamba wa bipi. Andikulunga, wamasuka. Andikulunganso, wamasuka. Mtsikana wake akuti, 'Koma bambo inu, uwu ndi mkono kapena ntchafu?' Ine ndinangoti ndikupita kukataya madzi. Mpaka lero ndikutayabe madziwo."

Anesi anafuna kuseka, koma m'malo mwake misozi ndi imene inalengeza. Sikelo imeneyo ankaidutsa m'mawa ndi madzulo, ndipo sanaionepo vuto.

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Ndikuuzeni kuti anzanu a kuntchito andiseka? Inu ndimakudziwani, mukanakagwetsa denga. Komanso manyazi, mayi. Munthu wamkulu ngati ine, kuthawa sikelo!"

"Lerotu ndaona anthu ngati inu, ambirimbiri," anatero Anesi motsitsa mawu. "Mayina sindiwadziwa, ndipo sindiyenera kuwadziwa. Amabwera kamodzi, n'kusowa. Akamabweranso amakhala atanyamulidwa. Ine ndikuopa, bambo. Ndikuopa kwambiri. Nyumba ija popanda phokoso lanu ndingaikhale bwanji?"

Atelala anatsegula pakamwa kuti aponye nthabwala ina, koma sinabwere. Anangoti, "Mwadya koma?" n'kuwakankhira buledi amene anali pathebulo.

M'mawa mwake Anesi anawafotokozera adokotala zimene anaona m'mbiri zija, ndi za sikelo ya pakhonde, osatchula za kunyumba. Adokotala anakanda mutu. Anati ochotsedwawo asatayidwe, aikidwe padera awaunike bwino, ndipo za sikelo akalankhula ndi akuluakulu, ngakhale akuluakuluwo sayenda mothamanga. Anesi sanadikire zimenezo. Anapita kosungira zipangizo, anavundukula makatoni mpaka kupeza lamba wamkulu wa bipi adakali m'pepala lake, n'kumusainira.

Masana anatulukiranso kushopu.

"Kawiri kotsatizana! Anthu ayamba kunena kuti ndili ndi chibwenzi," anatero Atelala. Koma ataona chimene chikutuluka m'chikwama, anabweza mkono kumbuyo ngati mwana woopa jakisoni.

"Tangomugwirani kaye," anatero Anesi.

Telala ndi telala basi. Anamulandira lambayo, anamutambasula, anayendetsa chala pamsoko, n'kumukoka uku ndi uku.

"Hmm. Uyu anasoka ndi munthu wolemekeza anzake."

"Ndiye lowani kuseri kwa katani, akasitomala. Lero woyeza ndine."

Analowa akung'ung'udza, nakhala pampando, napinda malaya. Anesi anakulunga lambayo pamkono, ndipo anakwana bwinobwino mpaka kutsalako. Atelala anayang'ana mkono wawo, kenako anayang'ana akazi awo. Kamakina kanalira, lamba anafufuma, kenako anaphwa. Anesi anadikira pang'ono n'kuyezanso, poganiza kuti mwina ndi mantha chabe. Manambala anabwera omwewo.

"Zakwana zingati, a Dokotala?"

Anesi anali atakonzeratu kayankho koseketsa ali m'njira, koma kanawathawa. Anangotembenuzira kamakinako kwa mwini wake. Atelala manambalawo sanawayang'ane n'komwe. Anayang'ana nkhope ya mkazi amene anakhala naye zaka zonsezi, ndipo zinawakwanira.

"N'zoipa?"

"N'zofunika lero, osati mawa. Koma mankhwala alipo, ndipo tikayambapo tonse, kadyedwe ndi kayendedwe komwe."

"Tonse? Ndi shuga wa mu tiyi yemwe?"

"Ndi wanga yemwe."

"Aa, ndiye banja lalowa m'mayesero ili."

Atelala anaimirira. Kenako anavula tepi ya m'khosi, anaikoleka pamsomali, n'kuvundikira makina ndi nsalu yake. Pakhomo anakumana ndi bambo wina wodzatenga suti.

"Pepani achimwene, mubwere mawa. Lero nanenso ndili ndi kokayezedwa."

Njira yonse Atelala ankalonjera anthu mokweza monga mwa masiku onse. Koma atalowa pachipata cha chipatala n'kuona khonde lija, mabenchi ali thothotho, ndi sikelo ili pomwe paja, miyendo inaima yokha. Thukuta linatsika m'masaya.

"Mayi," ananong'ona, "nanga akasekanso?"

"Nambala yake ndiwerenga ndine, ndipo ndikalemba ndekha. Woseka aseke ndili pomwepo, aone."

Atelala anapukuta kumaso ndi mpango. Ndiyeno anagwira dzanja la akazi awo, chinthu chimene sanachitepo pagulu chikwatirane, n'kukakhala kumapeto kwa benchi kudikira kuti awaitane.