Thovu la Noreen

Chitsulo chosungunuka sichionetsa zam'kati. Ukapopera mpweya m'menemo, thovu lake sungalione, umachita kulimvera. Mu labu yathu ku Hamilton timamangirira maikolofoni pa paipi ya mpweya, ndiye thovu lililonse likamachoka kukamwa kwa paipiyo, chimkuzamawu chimalira kuti phu! Kulirako kukamafulumira, ndiye kuti thovu ndi laling'ono.

Noreen Tkachuk, mtsikana wochita kafukufuku wa digiri yake, ankafuna thovu laling'ono zedi, lotha kuyeretsa aluminiyamu. Miyezi isanu ndi umodzi anayesera m'madzi, zonse zili myaa. Tsiku limene tinayatsa ng'anjo n'kuviika kapaipi kake mu aluminiyamu, tinangomva phu, kenako zii, patapita nthawi phu, ngati phala lotokota. Akuluakulu a sukulu anali atamuuza kale kuti Lachisanu likafika popanda zotsatira, maphunziro ake athera pomwepo, azibwerera kwawo ku Saskatchewan.

Lachitatu m'mawa ndinamupeza atagwira njakata, mapepala ali mbwee patebulo.

"Bambo Rourke, masamu akuti bowo la kapaipi ndalichepetsa mokwanira. Nanga chavuta n'chiyani?"

"Masamu akowo anayamba alowamo m'ng'anjo?"

"Musandiseke inu, zandithina ine!"

Ndinamumvera chisoni. Ine ntchito yanga ndi yosula zipangizo za labuyi, chaka chino n'cha makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Sukulu sindinapite nayo patali, koma khalidwe la chitsulo ndimalidziwa. Madzi amanyowetsa paipi, choncho thovu limakula molingana ndi bowo. Aluminiyamu ndi wonyada, safuna kumamatira paipi, ndiye mpweya umafalikira mpaka m'mphepete mwa milomo ya paipiyo, thovu n'kukula molingana ndi milomoyo. Ndipo milomo ya kapaipi ka Noreen inali yochindikala ngati chala changa.

"Bowolo lisiye. Bweretsa tupa, tisongole milomoyi."

"Miyezi yonseyi ndikuswa mutu, inu mukuti tupa?"

"Eya. Koma a Pulofesa ako usawauze msanga, angadwale."

Ndinakapala kapaipiko mpaka kanasongoka ngati pensulo. Tinakawamba kaye kuti kaume, pajatu chinyezi chikakumana ndi aluminiyamu wamoto chimaphulika. Noreen anavala magolovesi ndi chotchinga kumaso, n'kukatsitsa pang'onopang'ono. Ine ndinatsegula mpweya.

Phuphuphuphuphu!

Kompyuta inawerenga mathovu makumi atatu ndi limodzi pa sekondi. Iye ankafuna makumi awiri okha. Anavula magolovesi, n'kuimbira foni mayi ake pomwepo, foniyo ataiyandikiza ku chimkuzamawu.

"Amayi, tamverani!"

"Iwe, ukukazinga mbuliwuli kusukuluko?" anafunsa mayiyo, ine ndikumva.

"Ayi amayi, zatheka! Chipinda changa musakonze, sindikubwera."

Tinamva mayiyo akumina.

"Takusowa kuno, mwananga," anatero, "koma ndakondwa kuti subwera."