Chomera cha M'ndowa ya Pakhonde

Komatu palibe angatsutse kuti chomeracho chakula, ndipo chakulira m'manja mwake, iye amene anapuma pa ntchito ali mkulu woona za antchito, munthu wosagwirapo dothi chikwatirireni. Tsinde lonenepa ngati chala, masamba aubweya, ndipo m'mawa uno, tsiku lenileni lobwerera akazi ake, maluwa ofiirira, oyera m'kati, otseguka ngati akuyembekeza kuwomberedwa m'manja.

Vuto linali limodzi. Akazi akewo, popita kukathandiza mwana wawo amene anali atangobereka, anasiya rozi m'ndowamo, rozi imene anaidula kwa malemu mkulu wawo. "Muzingothirira, bambo. Musachite china." Ndipo ichi, atachiyang'ana atavala magalasi, atavula, ataima chapatali ngati wogula galimoto, sichinali rozi. Ngakhale munga umodzi.

Sanafune kukumbukira, koma mutu ulibe chitseko: masiku oyambirira aja m'ndowa munali zinthu ziwiri, kachitsa kotuwa kokhala ndi mphukira yofiira, yolobodoka, yooneka yodwala, ndi pambali pake kambewu kobiriwira, kachangu, kongodzimerera kosaitanidwa. Zaka zonse za mu ofesi zinamuphunzitsa kuti awiri sakhala pampando umodzi, ndipo wofooka amapumitsidwa mwaulemu. Anazula chitsa chija nakachitaya kudzala. Kodi analakwa? Anaweruza potengera zimene anaona, monga ankachitira nthawi zonse, ndipo sanalakwitsepo — kupatula mwina kalaliki uja amene anamuchotsa n'kudzamva kuti watsegula kampani yakeyake, koma imeneyo ndi nkhani ina. Pa foni, akazi ake akafunsa, ankangoti, "Duwa likusangalala." Bodza lili pati pamenepo?

Aneba anasuzumira pampanda, mswachi uli kukamwa.

"Achimwene, chimenecho n'chiyani?"

"Duwa."

"La mtundu wanji?"

"Losowa."

"Oho. M'ngalande ya kuseri kwa msika ndinaona zofanana nazo. Zadzaza."

"Kufanana si ubale, aneba."

Nsanje, basi. Munthu amene maluwa ake amauma ngakhale nyengo ya mvula angadziwe chiyani? Komabe analowa m'nyumba, natsitsa buku la sayansi la mwana wawo, lonunkha fumbi, nakhala pafupi ndi ndowa n'kumafananitsa zithunzi: nyemba, mpendadzuwa, duwa lodulidwa pakati lokhala ndi timivi. Chake munalibe. Bukulo ndi lakale, anatero mumtima, ndipo pamene ankalitseka anamva chifuwa chikutukumuka, poti njere imeneyi, kaya inabwera ndi mphepo kaya m'mimba mwa mbalame, inadutsa makonde onse a mumsewu muno, inadutsa la aneba, n'kudzasankha lake. Yosafunsira, yopanda woiperekeza, yangofika n'kuyamba ntchito.

Nthawi inalipo yothamangira kumsewu waukulu kumene amagulitsa mbande, kugula rozi, kuibzala, kusalaza dothi. Anafika mpaka povala nsapato imodzi. Koma akazi ake amadziwa ngakhale supuni ikasinthidwa malo, nanga rozi ya mkulu wawo? Ndiponso kuchotsa wantchito yekhayo amene wabereka zipatso, chifukwa chongoti dzina lake silikudziwika — ayi, zimenezo sanachitepo, kapena anachitapo, koma osati kwa wake. Anavula nsapato ija, natenga kansalu, n'kupukuta masamba limodzilimodzi.

Dzuwa litapendeka, geti linalira.

"Mwayenda bwanji, mayi?"

Akazi ake anaika chikwama pansi. Maso awo sanafike pa iye. Masowo anakaima pa ndowa.

"Ndinkathirira," anatero iye. "Osaphonya."

Akazi ake anawerama pang'onopang'ono, dzanja likutsika kudutsa maluwa, kudutsa masamba opukutidwa aja, mpaka m'munsi mwa tsinde pamene limakumana ndi dothi, ndipo zala zinalizinga — momwe munthu amagwirira akafuna kumva mphamvu ya chinthu, kapena momwe amagwirira akafuna kuzula. M'duwa la pamwamba munali njuchi, yalowetsa mutu wonse, ikugwira ntchito osafunsa dzina.